Kachebere: Kumene Amasulira Ansembe, ndi Akhristu Amene Amawalandira

Seminale ya Kachebere ili m'tsinde mwa phiri, m'boma la Mchinji, pamalire penipeni pa Malawi ndi Zambia. Anthu a m'midzi yozungulira ali ndi abale uku ndi uku. Amakwatirana, amaikana maliro, amagulitsana mtedza ndi chimanga osalabadira mzere umene atsamunda anajambula pakati pawo. Pamenepa ndi pamene Mpingo wa Katolika wakhala ukusulira ansembe kuyambira m'chaka cha 1939. Ambiri akamasimba za Kachebere amayamba ndi kuwerenga maepiskopi amene anaphunzirapo, ndipo ndi ochulukadi. Koma mnyamata aliyense wolowa pachipata chija amachokera pakati pa akhristu, ndipo akadzozedwa amabwerera kwa akhristu. Zimene seminale yamuchita pakatipo zimakaonekera kuparishi, pa mmene amalonjerera agogo amene abwera kudzalembetsa misa ya malemu amuna awo, ndi pa mmene amamvera a komiti akamutsutsa.

Seminale isanabwere panali mishoni. Ansembe a chipani cha White Fathers anayesa koyamba kukhazikika m'dziko muno kwa Mponda, ku Mangochi, mu 1889, koma zinthu zitakanika anachokako mu 1891. Anabweranso mu 1902 n'kutsegula Chiwamba ndi Mua. Chaka chotsatira, 1903, anasamuka ku Chiwamba kupita ku Likuni, ndipo anatsegulanso Kachebere. Nthawiyo Angoni a Mpezeni anali atangogonja kwa Angerezi pa nkhondo ya 1898, ng'ombe zawo zitalandidwa, ndipo amishoni a Dutch anali atakhala kale ku Magwero, kutsidya kwa malire, kuyambira 1899. Mchinji ankatchedwa Fort Manning, Chipata ankatchedwa Fort Jameson, ndipo ansembe a ku Kachebere ankayenda mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake mbiri ya Akatolika a ku Chipata nayonso imayambira pa phiri lomweli.

Ubale wa wansembe ndi akhristu masiku amenewo unali wa mwini zinthu ndi wolandira. Mzungu wa mkanjo woyera ndi kolona m'khosi ndiye anali ndi mankhwala, sukulu, ndalama zomangira tchalitchi, ndiponso mphamvu yonena kuti uyu abatizidwe, uyu adikire. A White Fathers ankasunga munthu m'kalasi zaka zinayi asanamubatize. Wansembe ankafika pamudzi mwa apo ndi apo, kumvetsera olapa, kuchita misa, kuweruza milandu ya maukwati, n'kupitirira ulendo wake. Wotsala ndi anthu anali katekisiti. Iyeyu ndiye ankaphunzitsa ana kuwerenga pansi pa mtengo, kutsogolera mapemphero a Lamulungu, kubatiza wodwala mwakayakaya, ndi kulimbana ndi akuluakulu a dambwe pamene mpingo ndi Gule Wamkulu ankakanganirana maliro ndi anyamata a pamudzi. Ankadya nsima imodzi ndi anthuwo ndipo ankadziwa khomo lililonse. Mpingo wa m'dera lino unakula pamsana pa akatekisiti ndi agulupa, ngakhale kuti mayina awo ambiri sanalembedwe pa chipupa chilichonse.

Anyamata oyamba a kuno ofuna unsembe ankatumizidwa kutali, ku seminale ya Kipalapala, pafupi ndi Tabora ku Tanganyika. Kumeneko ndi kumene anaphunzira Cornelius Chitsulo, amene mu 1937 anakhala wansembe woyamba wachimalawi, ndipo patapita zaka makumi awiri anakhalanso episkopi woyamba wachimalawi, ku Dedza. Ulendo wa ku Tabora unali wautali ndi wodula. Motero mu 1939, chaka chimene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inayamba, Kachebere anasanduka seminale yaikulu, pansi pa dzina la Antonio Woyera, yolandira ophunzira ochokera ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia.

Moyo wa mkatimo unali wa belu. Belu lodzukira, belu la mapemphero, belu la m'kalasi, belu lokhalira chete. Filosofi ndi maphunziro a zaumulungu ankaphunzitsidwa m'mabuku a Chilatini, ofanana ndi amene ankawerengedwa ku France kapena ku Canada. Amishoni anali ndi chifukwa chawo, ndipo tisachipeputse. Sankafuna kuti wina adzanene kuti wansembe wakuda ndi wa mtengo wotsika, wophunzira theka. M'dziko limene munthu wakuda sankaloledwa kulowa pakhomo limodzi ndi mzungu m'masitolo ena, kuona mwana wa m'mudzi ataimirira pa guwa, mzungu atagwada kulandira Ukaristia m'manja mwake, chinali chinthu chachikulu zedi.

Koma mtengo wake unalipo, ndipo oyamba kuulipira anali makolo. Kwa Achewa mwana wamwamuna ndi nkhoswe ya mawa, woyang'anira mbumba ya alongo ake. Kwa Angoni ndiye wopitiriza dzina la bambo wake. Kumva kuti mwanayo sadzakwatira, sadzabereka, ndipo adzakhala kumene episkopi wamutuma, kwa amalume ambiri kunali ngati kumutaya. Mnyamatayo ankachoka pamudzi ali wamng'ono kupita ku seminale yaing'ono ngati ya Kasina, kenako Kachebere, ndipo pobwerera patapita zaka zoposa khumi anali munthu wina. Amayi ake omubereka ankamutchula kuti "Abambo". Ankadyera payekha, atamuikira mpando pamene ena onse akhala pamphasa. Misa ankaichita m'Chilatini, atafulatira anthu, iwo akutsatira ndi kolona m'manja. Ulemu unalipo wambiri, koma kumasukirana kunali kochepa. Mlimi wa fodya ku Mchinji amadziwa kuti mbande za panazale, zozolowera kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo, amayamba wazikhwimitsa asanakaziwokere kumunda. Kwa nthawi yaitali seminale inkasamala kwambiri za nazale kuposa za munda.

Komabe m'makalasi omwewo munatuluka anthu amene anadzasintha zinthu. James Chiona anadzakhala arkiepiskopi woyamba wachimalawi wa Blantyre. Medardo Mazombwe, wa ku Chipata, anadzozedwa unsembe mu 1960, anakhala episkopi wa kwawo, kenako arkiepiskopi wa Lusaka, ndipo mu 2010 anasankhidwa kukhala kadinala. Koma pa nkhani ya wansembe ndi anthu ake, dzina loyenera kuimapo nthawi ndi la Patrick Kalilombe.

Kalilombe anabadwira ku Mua mu 1933. Anaphunzira ku Kasina ndi ku Kachebere, analowa chipani cha White Fathers, anadzozedwa mu 1958, ndipo atachita maphunziro a Baibulo ku Rome anabwerera ku Kachebere kudzaphunzitsa, mpaka anakhala mkulu wa seminaleyo. Zaka zimenezo n'kuti msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, utangotembenuza zambiri. Guwa linayang'ana kwa anthu, misa inayamba kuchitika m'Chichewa, ng'oma ndi visekese zinalowa m'tchalitchi. Chachikulu kuposa zonsezi chinali chiphunzitso choti mpingo ndi mtundu wonse wa anthu a Mulungu, osati ansembe okha. Mu 1972 Kalilombe anasankhidwa kulowa m'malo mwa Ambuye Joseph Fady ngati episkopi wa Lilongwe, dayosizi imene Mchinji ili mkati mwake.

Anapeza maparishi aakulu ngati maboma, ansembe owerengeka, ambiri a iwo azungu okalamba, ndi ndalama zochokera kunja zimene sizikanabwera mpaka kalekale. Sanayankhe vutoli pongopempha ansembe ena ku Ulaya. Anaitanitsa sinodi yaing'ono ya dayosizi, imene inayenda kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo mafunso ake anatsikira mpaka kumidzi kuti alimi, amayi ndi achinyamata anenepo maganizo awo. Mawu amene anamanga zonse anali akuti "Mpingo ndife tonse". Cholinga chinali mpingo wodzitumikira wokha, wodzifalitsa wokha ndi wodzidalira pa chuma. Chida chake chinali mphakati: mabanja oyandikana, odziwana, osonkhana pakhomo pa mmodzi wa iwo mkati mwa sabata. Maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, anakambirana za njira imeneyi mu 1973, ndipo mu 1976 anaivomereza kuti ikhale patsogolo pa ntchito zawo zonse. Kalilombe anali mmodzi mwa amene anaikankha kwambiri.

Amene anakulira m'mphakati angaone ngati ndi chinthu chachidziwikire, koma taonani chimene chinasintha. Masana a tsiku la mphakati, anthu akaweruka kumunda, amayala mphasa pakhonde kapena pansi pa mango. Pa katebulo pali nsalu yoyera, mtanda ndi Baibulo. Wina awerenga Mthenga Wabwino wa Lamulungu likudzalo, ndipo aliyense ali ndi ufulu wonena chimene wamvapo, ngakhale mayi amene sanapite kusukulu. Akatha apo mlembi atsegula kope. Ndani akudwala, ndipo akamuone ndani? Kwa a uje denga linagwa ndi mvula, tipita liti kukafolera? Banja lakuti likufuna kubatiza mwana, kodi tikulidziwa bwino? Mtulo wafika pati? Kalata yopita kwa bambo mfumu yopempha ubatizo, ukwati kapena mwambo wa maliro imayambira pamenepa, ndipo popanda umboni wa a mphakati zinthu kuparishi siziyenda. Mphamvu imene kale inali m'manja mwa wansembe yekha, yonena kuti uyu ndi mkhristu wotani, inagawidwa kwa anansi ake a munthuyo. Ansembe ena anakondwa nazo poona kuti mutu umodzi susenza denga. Ena zinawawawa, chifukwa munthu amene waphunzira kulankhula pamphakati amadzalankhulanso pa khonsolo ya parishi.

Boma la Dr. Kamuzu Banda silinakondwe nayo miphakatiyi. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene msonkhano uliwonse wa pamudzi unkayenera kudziwika kwa atcheyamani a nthambi ya Kongeresi. Anthu a ku Mchinji anali ataona ndi maso awo zimene zinagwera a Mboni za Yehova, amene analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anathawa mwaunyinji kudutsa malire kupita ku msasa wa Sinda Misale ku Zambia. Tsono timagulu ta akhristu tokumana m'makomo, tokhala ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma wakewake, tinaoneka ngati chipani china chikumera mobisa. Mu 1976 Kalilombe anakakamizika kutuluka m'dziko, ndipo mu 1979 anatula pansi udindo wake. Ambuye Matthias Chimole ndiwo analowa m'malo mwake. Kalilombe anakachita maphunziro ena ku Berkeley, ku America, kumene analemba za kusintha kwa mpingo kuchoka pa nthambi zodikira wansembe kufika pa miphakati. Anakagwira ntchito ku Birmingham, ndipo ulamuliro utasintha anabwerera kudzaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba. Anamwalira mu 2012. Boma linatha kuchotsa episkopi, koma miphakati inatsala, chifukwa inali itakhala kale ya eni ake.

Mwana wina wa Kachebere anataya mpando wake pa chifukwa chosiyana, koma chokhudzanso anthu. Emmanuel Milingo, wa ku Chipata, anadzozedwa unsembe mu 1958, ndipo mu 1969 Papa Paulo wachisanu ndi chimodzi anamudzoza ku Kampala kukhala arkiepiskopi wa Lusaka. Kuyambira 1973 anayamba kupempherera odwala ndi ovutidwa ndi mizimu, ndipo anthu ankakhamukira kwa iye mazanamazana. Akuluakulu a mpingo sanagwirizane nazo. Mu 1982 anaitanidwa ku Rome, ndipo chaka chotsatira anasiya udindo. Zimene anadzachita pambuyo pake, kukwatira mu 2001 ndi kudzoza maepiskopi popanda chilolezo mu 2006, zinamutulutsa mumpingo, ndipo sindikuziikira kumbuyo. Koma funso limene khamu lija linkafunsa silinachoke naye. Mkhristu amene mwana wake akudwala matenda osadziwika, amene akuopa ufiti, amene maloto akumusowetsa tulo, amafuna mbusa womumvera osamuseka. Mabuku a Chilatini analibe tsamba la zimenezi. Wansembe akangoti "zimenezo kulibe", munthuyo sasiya kuopa. Amangosiya kuuza wansembeyo, n'kupita kwa sing'anga kapena kwa mneneri usiku.

Mu 1977 seminale ya St Peter's inatsegulidwa ku Zomba kuti izipereka maphunziro a zaumulungu, ndipo Kachebere anatsala ndi zaka zoyambirira, za filosofi. Dziko la Zambia nalo linakhala ndi maseminale akeake. Choncho Kachebere anachepa pa udindo, koma anakhalabe khomo limene ansembe ambiri a madayosizi a m'Malawi amalowera.

Kulimba kwa ubale wa ansembe amenewa ndi anthu awo kunayesedwa pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi yodzudzula kusowa kwa chilungamo ndi ufulu inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse. Analemba ndi maepiskopi, koma oimirira kutsogolo n'kuiwerenga mokweza, akudziwa kuti pakati pa anthu pali akazitape, anali ansembe a m'maparishi ndi atsogoleri a m'nthambi. Boma linati kalatayo ndi youkira ndipo kupezeka nayo ndi mlandu. Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Koma kalata ija inali italowa kale m'makomo, ndipo akhristu sanawathawe abusa awo. Ndimakhulupirira kuti zaka za miphakati zinathandizapo: anthu anali atazolowera kumva mawu, kuwakambirana, ndi kuwatenga ngati awo.

Lero m'maparishi a ku Mchinji, monga Kachebere, Guilleme, Ludzi, Kapiri ndi Mkanda, zinthu zinatembenuka poyerekeza ndi 1903. Kale wansembe ndiye ankadyetsa mishoni. Tsopano akhristu ndiwo amadyetsa wansembe. Nthawi yokolola miphakati imasonkha matumba a chimanga, mtedza ndi soya. Amayi Achikatolika amanyamula ufa, nkhuku, sopo ndi nkhuni kupita nazo kunyumba ya ansembe, ndipo magulu ena amafika mpaka kuseminale ndi mphatso zotere. Mafuta a galimoto kapena njinga yamoto yopitira kunthambi amachokera m'mbale ya chopereka. Izi n'zimene sinodi ija inkafuna, ndipo n'zabwino. Koma wopereka amafunsa. Pamene fodya wagulidwa motchipa ndipo feteleza wakwera, mlimi amene wapereka thumba lake amafuna kumva pa Lamulungu kuti ndalama za chitukuko zalowa zingati ndipo zagwira ntchito yanji. Wansembe amene amawerengetsa poyera, anthu amamupatsa mowolowa manja. Amene amaona funso ngati chipongwe amadzapeza mbale ikupepuka, anthu osanena kanthu.

Kumene ubalewu umapimidwa kwambiri ndi pamaliro. Parishi imodzi ili ndi nthambi zambiri, ndipo wansembe sangafike paliponse. Akhristu amadziwa zimenezo ndipo a mphakati amaika maliro mwaulemu wonse. Chimene sachiiwala ndi kuona abambo apezeka pamaliro a munthu wachuma wa patauni, koma osaoneka pa a gogo amene anasesa tchalitchi moyo wawo wonse. Sachiiwalanso banja likauzidwa, mtembo uli m'nyumba, kuti malemu anali ndi ngongole ya mtulo. Malamulo ali ndi malo ake, koma tsiku la misozi si tsiku lotsegulira kaundula. Mbali inayi, ansembe nawo ali ndi zowawa zawo zimene akhristu sitiziona msanga. Mnyamata wa zaka zosakwana makumi atatu amatumizidwa kudera kumene alibe mbale, aliyense akumuyembekezera kuti akhale woweruza, mlangizi wa mabanja, womanga sukulu ndi wolipirira ana fizi, kwinaku abale ake kumudzi akuganiza kuti ali pa ndalama. Akalakwa pang'ono nkhani imafika kumsika dzuwa lisanalowe. Amene amamufunsa ngati wadya kapena ngati ali bwino ndi ochepa.

Ndiponso wansembe wa lero sali yekha pabwalo. Ku Sinodi ya Nkhoma ya CCAP mpingo umaitana mbusa wake, ndipo akulu a mpingo amakhala naye m'bwalo limodzi poweruza nkhani. M'misika ya Kamwendo, Kapiri ndi pa boma pali mipingo ya chipentekoste imene mbusa wake amakhala m'nyumba ya lendi pakati pa anthu, ndipo foni yake amaiyankha ngakhale pakati pa usiku. Mkatolika sasankha wansembe wake. Amalandira amene episkopi watumiza. Pachifukwa chimenechi udindo wa seminale ndi wolemera kwambiri, poti akhristu akukhulupirira kuti amene anamusula anamuyang'anitsitsa m'malo mwawo.

Pa mwambo wodzoza ansembe pali mphindi imene ambiri saiona chifukwa cha nthungululu ndi magule. Makolo akamuperekeza mwana wawo kutsogolo, episkopi amafunsa ngati munthuyo ali woyenera, ndipo womupereka amayankha kuti akuchitira umboni atafunsa kaye kwa akhristu. Ndiye kuti mpingo umavomereza ndi pakamwa pake kuti mawu a anthu wamba ali ndi gawo pa kupanga wansembe. Anyamata a ku seminale amapita kumaparishi patchuthi ndiponso pa nthawi yophunzira utumiki, ndipo bambo mfumu amalemba lipoti la mmene akhalira. Pempho langa kwa aphunzitsi a ku Kachebere ndi kwa maepiskopi ndi loti afunsenso wapampando wa mphakati umene mnyamatayo anagonako, katekisiti amene anayenda naye panjinga, ndi amayi amene ankamuphikira. Iwowa ndi amene anaona ngati amakhala pansi ndi odwala, ngati amabweza chenji akatumidwa, ndi mmene amayankhulira ndi atsikana a kwaya. Mayankho awo alembedwe ndi kuikidwa m'faelo yake pamodzi ndi malikisi a filosofi, ndipo awerengedwe tsiku limene akuluakulu akhala pansi kuganiza zoti apitirire ku Zomba kapena ayi.